Kugula Mdima kwa Anagama

Ntchito yoyamba yolembedwa ndinaipeza ndili kale ndi mkazi ndi ana awiri, ndipo inandipeza ndili pakati ponama. Zinali cha m'zaka za m'ma 1980. Masiku amenewo ndinali munthu wa pamsika wa Mbulumbuzi, wogula apa n'kukagulitsa apo: nkhuku, matcheni a njinga, mawayilesi olankhula akamenyedwa khofi, chilichonse chimene mwini wake watopa nacho. Sukulu ndinalekera sitandade sikisi, koma pakamwa pokha panafika ku koleji.

Tsiku lina mlonda wa pa esiteti ina ya fodya cha ku Magomero anandigulitsa katundu amene bwana wake anasiya posamuka. M'katundumo munali chinthu cha miyendo itatu yamatabwa, chokhala ndi manati amkuwa pamwamba. Ntchito yake sindinkaidziwa, koma kusadziwa sikunandiletsepo kugulitsa chinthu. M'mawa ndinkauza anthu kuti ndi poikira wayilesi. Pofika masana chinali chitasanduka poikira beseni la dokotala.

Kenako panaima bambo wina wachikulire, wamtali, wovala kachipewa koyera ka Chisilamu, akukankha njinga. Anamvetsera ulaliki wanga wonse osandidula.

"Ndiye mukuti n'cha dokotala?"

"Dokotala wamkulu, abambo, wong'amba anthu. Taonani mkuwawu."

"Iyi ndi sitandi ya kamera," anatero. "Ndipo nati yapamwambayi inatha mano."

"N'chifukwa chaketu ndikukupatsani motchipa."

Anagula. Akumangirira pakaliyala, ananditembenukira. "Mwandigulitsa chinthu chimene ndakuuzani ndekha kuti n'chakufa. Pakamwa panupo mumachita napo chiyani usiku?"

"Kuliza mkonono."

"Mubwere pa Boma Lolemba. Mukafunse situdiyo ya Che Amadu, ndine amene."

Situdiyoyo inali ya zipinda ziwiri kuseri kwa telala. Chakutsogolo chinali ndi nsalu yojambulidwa nyumba zosanja, mpando umodzi, duwa lapulasitiki ndi telefoni yakufa imene anthu ankaigwira pakhutu pojambulitsa kuti abale a kutali aziyesa zinthu zikuyenda. Chakumbuyo chinali chipinda chamdima, motsukira zithunzi. Zathu zonse zinali zopanda kala. Zakala tinkatumiza ku Blantyre. Ine ndinkatunga madzi n'kuwasefa pansalu yoyera, chifukwa kamchenga kamodzi kamalemba mzere pankhope ya mkwatibwi. Ndinaphunzira kusakaniza divelopa, mankhwala otulutsa chithunzi, ndi fikisa, amene amachiimitsa kuti chisapitirire kuda. Ndinaphunzira kukulunga filimu pagudumu lake mumdima wa bii, zala zokha zikuona, osakhudza pakati koma m'mphepete. Zala zanga zinkanunkha fikisa mpaka mkazi wanga ankati ndizidyera patali.

Pakhoma la chipinda chamdimacho panali zithunzi zingapo zimene sizinali za kasitomala aliyense. Poyamba ndinkayesa ndi mbale za gilamafoni: mizere yoyera yozungulira, wina mkati mwa unzake, pansi pake mtengo wakuda kapena mwala.

"Ndi nyenyezi zimenezo," Che Amadu anandiuza. "Usiku wonse zimayenda, koma maso athuwa alibe chipiriro. Kamera ukaisiya chitsegulire imalemba paliponse pamene nyenyezi yadutsa. Ukaloza kummwera, zonse zimazungulira malo amodzi, ndipo pamalopo palibe chooneka."

"Amagula ndani?"

"Palibe."

Ndinawamvera chisoni. Munthu wamkulu, wanzeru zake, akuzizidwa usiku wonse kupanga katundu wopanda msika.

Kajambulidwe kake kanali kotere. Timasankha usiku umene mwezi uli kumdima, m'nyengo yozizira, mvula itapita koma anthu asanayambe kutentha tchire, chifukwa utsi wa lupsa ukangokwera thambo limachita mbuu. Timafika dzuwa lisanalowe. Miyendo ya sitandi timaiponda kuti imire m'dothi, n'kupachika thumba la miyala pakati pake kuti mphepo isagwedeze. Kamera timaiika pa chilembo B, pamene chitseko chake chimakhala chotsegula mpaka utachitseka wekha. Kabowo ka galasi timakaika pa 5.6, ndipo mphete yoonera kutali timaipotokola mpaka pa chizindikiro chija chonga eyiti wogona. Pa batani timamanga kachingwe kachitsulo kokhala ndi kanati: ukadina kachingweko n'kumanga kanati, dzanja silikhudzanso kamera. Mdani wina ndi mame, amene amaphimba galasi pakati pa usiku. Che Amadu ankawotcha timiyala masana, kutisunga m'chitini chokulunga ndi chiguduli, ndiye usiku n'kumatiika m'sokosi n'kumangirira kuzungulira galasi kuti lizikhala lofunda. Potsegula, wina amagwira chipewa chakuda patsogolo pa galasi, wina n'kudina, kudikira kuti kunjenjemera kuthe, kenako chipewa n'kuchoka pang'onopang'ono. Kuchokera pamenepo palibe fodya, palibe machesi, palibe tochi. Kuwala kulikonse kolowa m'galasi kumakhala momwemo.

Apa ndiye panali ntchito yanga yeniyeni. Che Amadu ankaitcha kugula mdima. Mdima wa kumudzi suli waulere monga anthu a m'tauni amaganizira. Wina akuwotcha uvuni wa njerwa, wina akutcheza kachasu kuseri kwa nthochi, anyamata ayatsa mapesi kuti aothe, wina akuchokera ku mowa ndi tochi yoloza kulikonse. Kuwonjezera apo, amuna awiri okhala m'munda mwa eni ake usiku, pambali pa kabokosi kakuda ka miyendo itatu, dzina lawo limadziwika. Che Amadu anali atathamangitsidwapo ndi agalu cha ku Mbombwe, anthu akukuwa kuti agwira afiti, mpaka anataya nsapato imodzi. Chichokereni tsiku limenelo ankafuna munthu wapakamwa.

Ndiye ine ndinkatsogola masiku angapo. Ndinkayambira kwa atcheyamani a chipani a m'deralo, pakuti nthawi imeneyo kamera yosadziwika inkatha kukugonetsa kumene sunakonzekere. Ndikachoka apo, khomo ndi khomo. Wa uvuni ndinkamupempha ayatse mawa lake. Amayi a kachasu ndinkawalonjeza chithunzi chaulere cha mwana. Ena mchere, ena sopo, ena kungowatamanda mbuzi zawo. Ndinali ndi lamulo limodzi limene ndinabwera nalo kuchokera kumsika: usamuonetse wogulitsa kuti chinthu wachifunitsitsa. Ukangoonetsa, mtengo wakwera. Choncho sindinkafotokoza zambiri. Ndinkangoti abwana anga ali ndi kamasewera kawo ka nyenyezi, nkhalamba zimatero, tiwathandize.

M'chaka changa chachiwiri ndinayamba kuona zinthu. Che Amadu ankandiuza kuti ndiwawerengere manambala a pagalasi, ati kuti ndiphunzire. Ankagunda mpando umene unali pamalo ake a masiku onse. Kasitomala akalowa n'kuima chammbali, iwo ankapitiriza kulankhula ndi khomo. Tsiku lina anandiuza kuti ndiwaperekeze ku chipatala cha mishoni ku Nguludi. Pobwerera sitinapalase njinga, tinangozikankha.

"Ndimayesa ndi ng'ala, yoti achotsa," anatero titayenda kamtunda. "Akuti ayi. Ndi matenda a mkati mwa diso. Limatsekeka kuyambira m'mbali, ngati ukusuzumira m'nsungwi, ndipo nsungwiyo ikunka nichepa. Andipatsa mankhwala odontheza. Akuti amachedwetsa, sabweza."

Ine, munthu amene sindinasowepo chonena, ndinangoti, "Pepani, Che Amadu."

"Usapepese. Pali chithunzi chimodzi chimene sindinachipeze. Zonse zili pakhomazi zinali zoyesera dzanja."

Ankafuna phiri la Chiradzulu litaima lakuda bii, ndipo malo aja amene nyenyezi zimazungulira atakhala pamwamba penipeni pa nsonga yake, ngati phirilo ndi msomali wopachikapo thambo lonse. Anabadwira m'tsinde mwa phirilo, ndipo anali atayesa zaka zingapo. Chaka china kunabwera mitambo, china mphepo inagwetsa sitandi, china lole inakhota pamsewu wa kutali n'kuwalitsa molunjika m'galasi. Koma malo oyenera anali atawapeza: chulu china m'munda wa nandolo kumpoto kwa phiri, pamene phirilo limatchinganso kuwala kwa magetsi a ku Limbe.

"Chaka chamawa sindikudziwa," anatero. "Mdima wa Juni uno ukandigulire wonse. Usasiye ngakhale kanyenyeswa."

Ndinagwira ntchito imeneyo kuposa ina iliyonse m'moyo wanga. Mudziwo unali waung'ono, nyumba zomwazikana m'minda. Ndinalankhula ndi aliyense amene khomo lake linapenya kuchuluko. Ndinalonjeza zithunzi zaulere mpaka ndinachita mantha kuti mapepala otsukirapo atithera. Pomaliza panatsala mwini munda, mayi wina wamasiye wotchedwa Anagama, amene ankakhala yekha kumunsi kwa mundawo, kuseri kwa mitengo ya mango, mbali ya kuphiri.

Ndinawapeza akusenda chinangwa pakhonde. Nditapereka moni ndi kufunsa za nkhuku, ndinalowa m'nkhani. Anandimvetsera osakweza mutu.

"Mugone m'munda mwanga usiku wonse? Ndinu ndani kwa ine?"

Apa ndikanatha kutchula sopo, kapena chithunzi, monga ndinachitira kwa ena. Koma ndinaona kuti mayiwa ndi ofatsa, ndipo chizolowezi cha kumsika chinandigwira pakhosi. Ndinafuna kuupeza mundawo mwaulere.

"Mayi, ife ndife alendo anu," ndinatero, manja ndili pachifuwa. "Kodi mlendo amalipira pogona?"

Anaika mpeni pansi n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

"Ngati muli alendo anga, palibe mlandu. Mubwera liti?"

"Lachinayi, mayi. Chokhacho, usiku umenewo pasakhale moto panja."

"Ine ndimaphikira m'nyumba."

Ndinachoka ndikudziyamikira. Sindinawauze kuti kuwala kumachita chiyani ndi filimu. Za maso a Che Amadu sindinatchule n'komwe. Panjira ndinkaseka ndekha kuti mdima wotsika mtengo chotere sindinaugulepo.

Lachinayi tinafika dzuwa likupendeka. Tinakwera pachulu, kuponda miyendo ya sitandi, kupachika miyala. Che Amadu anayala chiguduli m'mphepete mwa munda n'kuswali, ine ndikuyang'anira katundu. Kunja kutada, nyenyezi zinatuluka mwa mtundu umene sindinauonepo. Kunalibe mphepo, kunalibe kamtambo, kuzizira kokha kolowa m'mafupa. Mlalang'amba unayala pamwamba pathu ngati ufa wotayika panjira. M'mudzi monse munali zii, osaoneka ngakhale khala la fodya.

Che Amadu anaika diso pakamera, n'kukhala choncho kanthawi, kenako anachoka.

"Iwe Waisoni, bwera. Ine muno ndikungoona mdima. Phiri lili pati?"

"Pansi, nsonga ili pakati."

"Zinayi zija ukuziona?"

Ankanena nyenyezi zinayi za kummwera zimene ife a kutchalitchi timati mtanda. Iwo dzina limenelo sankalitchula, ankangoti zinayi zija. Anali atandiphunzitsa kutsata mkono wake wautali, kuupitiriza kanayi ndi theka, mpaka pamalo opanda kanthu paja. Ndinayeza ndi zala zanga, n'kusuntha kamera pang'ono kumanzere, mpaka malowo anakhala pamutu pa phiri. Ndinawerenga manambala mokweza kuti amve. Anamangirira sokosi ya timiyala ndi manja awo. Ine ndinagwira chipewa, iwo anadina kachingwe n'kumanga kanati.

"Chotsa," ananong'ona.

Ndinachotsa. Tinakhala pansi kumbuyo kwa kamera, aliyense m'bulangete lake.

"Zilipo zambiri?"

"Zadzaza, Che Amadu. Palibe poika chala."

"Ine ndikuona zitatu. Ndikatembenuza mutu, zitatu zina." Kenako anati, "Zikwanira. Kamerayo ikuona zonse."

Chitseko chinayenera kukhala chotsegula mpaka nthanda itatuluka. Anthu atagona, ine ndinanyamuka kupita pamalo anga a masiku onse. Kumbuyo kwathu, chapatali ndithu, kunali njira imene anthu ochokera ku mowa ankadutsa, ndipo ntchito yanga inali kuwachingamira asanafike n'kuwanyengerera kuti tochi aloze pansi. Ndinakhala patsinde la mtengo, maso ali kunjira, msana uli kuphiri. Kunadutsa munthu mmodzi yekha, wopanda tochi, akutsutsana ndi mkazi wake amene panalibepo.

Usiku unali utapitirira pakati pamene ndinacheuka. Kumunsi kwa munda, pa mitengo ya mango paja, panali kuwala. Sikanali kakoloboyi kozima ndi mpweya ayi, inali nyali yagalasi, yowala bwino, ndipo inali itatuluka kale m'mitengo. Inkakwera mundawo pang'onopang'ono, kukwera mzere, kutsika mzere, molunjika kuchulu, molunjika m'galasi la kamera.

Ndinathamanga. Munthu sathamanga m'munda wa nandolo usiku. Ndinagwa kawiri, nthambi zikundikwapula kumaso. Kukuwa sindikanatha, chifukwa mudzi wonse ukanadzuka ndi miyuni. Pamene ndinkafika pachulu, nyali inali itadutsa theka la munda. Che Amadu anali chigonere chagada, maso kumwamba, osadziwa kanthu. Kuwala kochokera m'mbali maso awo sankakuonanso. Ndinatola chipewa n'kuphimba galasi.

"N'chiyani?" anafunsa akudzuka.

"Nyali."

Anatembenuza mutu uku ndi uku mpaka anaipeza. 

"Odi, alendo," anatero mawu a Anagama.

Anafika akupuma movutikira, dengu lili pamutu, nyali kudzanja. Anaika nyaliyo pansi patsogolo pathu, n'kugwada, n'kuyamba kutulutsa za m'dengu: kambale ka madzi osamba m'manja, mbatata yowotcha, ndi mbale yovundikira ya nyemba za kalongonda.

"Pepani ndachedwa. Kalongondayu mukumudziwa, safuna changu, ukamuphula msanga amaledzeretsa. Ndamuika pamoto m'mawa, ndataya madzi, ndataya madzi. Ndiye nyaliyi ndi ya kwa achemwali anga kutsidyaku, ndimadikira kuti ana awo amalize kuwerenga. Mafuta ndagula ndekha, musadandaule, ayaka mpaka kucha."

"Mayi," ndinayamba, dzanja lili chigwirire chipewa, "nyaliyo ikanakhala kuti..."

"Nanga alendo anga akhale mumdima ngati mbava? Anthu akamva adzati Anagama ndi munthu wanji?"

"Waisoni," anatero Che Amadu, mawu ali pansi. "Landira madzi."

"Che Amadu, ndikagwirabe chonchi, akapita tikhoza kupitiriza."

"Mayi agwada. Landira madzi."

Che Amadu anaimirira, n'kupapasa kachingwe, n'kumasula kanati. Ndinamva chitseko cha kamera chikutsekeka, kaphokoso kakang'ono ngati munthu wathyola kachitsotso. Ndinatsitsa chipewa.

Tinasamba m'manja. Che Amadu anati bisimila, n'kudya bwinobwino, osafulumira, akuyamikira kuti kalongonda wotere anamudya kale amayi awo ali moyo. Anagama anakhala chapatali pang'ono monga amachitira mwini khomo, akufunsa ngati ana ali bwino kunyumba, ngati ku Boma chimanga chatsika.  Titamaliza, Che Amadu anandiuza kuti ndiwaperekeze mayiwo mpaka pakhomo. Anagama anaumirira kuti nyali itsale ndi ife.

"Itithandiza kwambiri mukapita nayo, mayi," anatero Che Amadu. "Mwatiwalitsira kale. Mulungu akusungeni."

Nditabwerera tinapukusa filimu n'kutsegulanso kachiwiri, koma timiyala tinali titazizira. Pasanapite nthawi galasi linachita mame, ndipo tambala asanalire nkhungu inatsika m'phiri n'kutikwirira. Tinanyamula katundu kukucha. Madzulo ake chiperoni chinayamba, kamvula kosalekeza kaja, ndipo pamene chinkatha mwezi unali utabwerera. Mdima wotsatira unapeza mwera ukuwomba ndi tchire likupsa mbali zonse.

Filimu ija Che Amadu anaisunga m'chitini osaitsuka mpaka zinadziwika kuti chaka chimenecho mwayi wina kulibe. Ndiye tsiku lina titatseka situdiyo anati, "Tiye tikaone."

Ndinakulunga pagudumu, kuthira divelopa. Wotchi ya pakhoma sankaionanso, ndiye nthawi ankaiyeza ndi mikanda ya tasibihi yawo, milomo ikuyenda, n'kumandiuza pogwedeza ndi pokhuthula. Negetivu itauma ndinaiika m'makina okulitsira, kuwalitsa papepala lalikulu, n'kuliviika m'mbale pansi pa babu lofiira. Chithunzi chinayamba kutuluka.

Kumwamba kunali kokongola kuposa zonse za pakhoma zija. Mizere ya nyenyezi inali yopyapyala, yoyera, yopinda mozungulira malo amodzi, yosagwedezeka ngakhale pang'ono. Koma pansi, kuchokera pamitengo ya mango, panatuluka chingwe choyera chokhotakhota, chikunka chinenepa pamene chinkayandikira, mpaka chinasanduka chimtambo choyera chimene chinameza munda, kumeza tsinde la phiri, n'kukwera ngati utsi mpaka kunsonga. Podula panalibe. Ukadula choyeracho, phiri lapita nacho.

Nditachitsuka m'fikisa ndi m'madzi, ndinayatsa getsi loyera. Che Amadu anachigwira chili chonyowa, kuchiyandikiza kumphuno, kuchiyendetsa uku ndi uku kuti chidutse pakabowo kamene kanawatsalira.

"Ndikuona zidutswa zokha. Tandiuza."

"Che Amadu, chithunzi ichi ngakhale mutapita nacho ku Blantyre, azungu amene aja..."

"Usandigulitse, Waisoni. Ine si kasitomala. Undiuze zimene zili papepalapo."

Ndinawauza. Ndinayambira kumwamba n'kutsika, osawonjezera, osachotsera. Sindikumbuka kuti ndinafotokozapo katundu mwa njira imeneyo chibadwire.

"Nsonga ikuoneka?"

"Ayi. Yalowa m'choyeracho."

"Nanga njira ya mayi aja?"

"Ikuoneka bwino. Pamzere uliwonse wa munda yakwera n'kutsika."

Anagwedeza mutu. Anapachika chithunzicho pachingwe ndi mapegi awiri, akupapasa.

"Unawauza chiyani kuti atipatse munda?"

"Ndinati ndife alendo awo."

"Nanga chimene timafunira mdima unawauza?"

"Ayi."

"Chifukwa?"

"Mtengo ukanakwera."

Anaseka pang'ono, kaseko ka m'mphuno. "Wakweratu," anatero, n'kuyamba kutsuka mbale za mankhwala.

Ndinayembekeza kuti andichotsa ntchito, ndipo ndikanamvetsa. Sanatero. M'malo mwake anandiuza kuti nditsuke chithunzi china chonga chomwecho, ndichiike m'felemu, ndikapereke kwa Anagama, chifukwa mlendo sachoka osathokoza. "Uwafotokozere za nyali, aone kuti mzerewu ndi wawo. Za maso angazi usatchule. Asasenze katundu amene si wawo."

Anagama ndinawapeza akupeta nandolo. Anapukuta manja pachitenje, n'kulandira felemu ndi manja awiri. Ndinawaonetsa nyenyezi, ndinawaonetsa mitengo yawo ya mango. Kenako ndinafotokoza bwinobwino, monga ndikanachitira tsiku loyamba lija, kuti kamera ikakhala yotsegula imasunga kuwala kulikonse, kuti n'chifukwa chake tinkafuna mdima, ndi kuti chingwe choyerachi ndi iwowo akukwera munda ndi nyali.

Anatsata mzerewo ndi chala, kuyambira kumango mpaka pamene unasanduka choyera chokhachokha.

"Ndiye phiri lili kuti?"

"Labisika, mayi."

"Ndalibisa ndine?"

"Ayi, mayi. Ndine amene sindinakuuzeni."

Anapitiriza kuyang'ana chithunzicho.

"Mwanangu, mukanangonena. Chakudyacho ndikanabwera nacho mumdima. Munda umenewu ndaulima chikwatiwire, mzere uliwonse mapazi angawa amaudziwa. Nyali ija ndinabwerekera inu, osati ine." Anaika felemu pamiyendo. "Muwauze abambo aja adzabwerenso chaka chamawa. Ndidzakhoma chitseko, ngakhale mbaula sindidzayatsa."

Ndinati ndikawauza, ndipo ndinakawauzadi. Che Amadu anati, "Inshallah." Koma pofika Juni wotsatira ankayenda atagwira phewa la mdzukulu wawo, ndipo situdiyo anali ataisiya m'manja mwa mwana wa mlongo wawo. Ndinawapempha kuti ndipite ndekha kuchulu kuja ndikawajambulire. Anakana. Anati chithunzi chimene sadzachiona ngakhale chidutswa, kuli bwino chikhale kumwamba komweko.

Ndinakhala pa ntchito ya zithunzi zaka zingapo pambuyo pake, kenako ndinabwerera kumsika, kumene ndili mpaka lero. Kutsutsana mtengo sindinasiye, ndipo nkhuku yowonda ndimathabe kuitcha yothamanga. Koma ndikafuna chinthu kwa munthu, chimene ndachifunadi, ndimamuuza chimene ndikuchifunira, chonse, ngakhale aone kuti ndapanikizika. Ndipo mawu aulemu sindiwagwiritsanso ntchito potsitsa mtengo, chifukwa alipo anthu amene ukawatcha eni khomo amakuchitiradi za eni khomo. Anzanga pamsika amati Waisoni anafooka, masiku ano amagula modula. Nthawi zambiri amanena zoona.